Chikhothi cha Mindel

Pesha ankaphimba kalilole ndi nsalu, monga amachitira Ayuda pamaliro, pomwe mng'ono wake Mindel analowa atavala chikhothi chobiriwira. Mtima unamuwawa. Chikhothicho anasoka ndi bambo awo, telala Zelig, amene ankayenera kuikidwa m'manda masana a tsikulo.

Mindel ndiye anali wapamtima wa bambo. Nkhondo itayamba anadzitcha Marion pobisa Chiyuda chake, napeza ntchito pakati pa mzinda wa Boston, kumene Myuda sankamulemba. Pesha anatsala ndi bambo ku Dorchester, dera la Ayuda mumzinda womwewo. Anyamata akaswa zenera la shopu, wosesa anali iye. Wofufuta zotukwana pachitseko, iye. Wowamwetsa bambo mankhwala, iye yemweyo. Koma nsalu yabwino ikapezeka, inali ya Mindel.

"Mwafika, adona Marion?" anatero Pesha. "Anzanu a kuntchito sanakuoneni mukukwera basi ya kwa Ayuda?"

"Achemwali, lero lokha ndilekeni."

"Sizasi iyi. Mwana wa womwalira amang'amba chovala pamtima, aliyense aone. Changa ndang'amba kale. Mawa ukavale kuntchito kwakoko."

Mindel anagwira kolala. "Akadziwa kuti ndine Myuda, akandichotsa ntchito. Ndi panyumba pomwe akandithamangitsa."

"Ndiye usang'ambe. Anthu amuone mwana amene bambo ankamunyadira."

Pesha ankalakalaka kuti akane. Kamodzi kokha mng'ono wakeyo achiteko manyazi pamaso pa achibale onse amene anasonkhana pabalaza.

Koma Mindel anamasula mabatani kuti alowetse sizasi. Mkati mwa chikhothi, kumanzere, munkalendewera kansalu kobiriwira kosokedwa kumtunda kokha. M'mphepete mwake munali modula pang'ono.

"Ndinkayesa n'chigamba chosungira," ananong'ona Mindel.

Pesha anakazindikira. Anakasita yekha chaka chatha, bambo akutsokomola pamakina. Anawafunsa kuti ndi thumba lanji lopanda pansi, iwo n'kungoseka. Kani ankakonza zoti mwana wawo adzang'ambe kansaluko powalira, popanda wa kunja kudziwa!

Anayang'ana diresi lake lakuda, long'ambika poyera pachifuwa. Iye bambo sanamusokere kalikonse kotere. Misozi ya nsanje inalengeza m'maso mwake.

Anamulanda Mindel sizasi ija, naibweza m'thumba.

"Ingokoka," anatero. "Bambo anakuyambira kale kudula."

Kansalu kanang'ambika mosavuta. Mindel ankasisima, zala zikulephera kupeza mabatani. Pesha anamumangira limodzilimodzi mpaka pakhosi, ndipo kunja chikhothi chinali chosalala ngati chatsopano.