Maliro Oikiza a Mokhta

Mokhta atamwalira, mwamuna wake Zaman Magre anakana kumuika m'manda ngati anthu ena onse. Anachita maliro oikiza. Bokosi analimata phula n'kulitsitsira m'dzenje losazama kuseri kwa kamzikiti kena ka mumzinda wa Agra, ndipo shehe atamaliza mapemphero, Zaman anagwada n'kuuza nthaka mokweza kuti, "Uyu si wako. Ndangokuikiza. Chaka chikatha ndidzamutenga." Umu ndi mmene amachitira anthu amene wawo wafera kutali ndi kwawo, ndipo aliyense amadziwa kuti nthaka siidya thupi loikizidwa mpaka nthawi imene mwapanganayo itakwana. Ikakwana iwe osaoneka, basi, yamutenga.

Mokhta sanapemphe zambiri. Malungo atamufoola anangogwira dzanja la mwamuna wake n'kunena kuti, "Musandisiye mu ng'anjo muno." Ankanena mzinda wotenthawo. Ankafuna kukagona kwawo ku Kashmir, pafupi ndi manda a mayi ake, pansi pa mtengo waukulu wa chinara pamene kasupe amadutsa. Zaman analonjeza msangamsanga, monga amalonjezera amuna akaona kuti mkazi akupita.

Ulendowo sunali wovuta kwenikweni. Nyulu zinalipo, anthu onyamula analipo, ndipo njira ya m'mapiri imatseguka chipale chofewa chikasungunuka n'kudzatsekekanso chikayamba kugwa. Chimene chinkasowa chinali katsamba kamodzi. Nduna ya mfumu, monga analili Zaman, siichoka pabwalo isanalandire tsamba lotafuna lotchedwa paani, lokulungidwa bwino, kuchokera m'dzanja la mfumu yeniyeniyo. Wochoka wopanda tsambalo ndi woukira, ndipo abale ake kumudzi ndi amene amalipira ndi minda yawo, mwinanso ndi mitu.

Zaman anabwera ku Agra ndevu zisanamere, chaka chimene Kashmir anagonjetsedwa. Ana a mabanja akuluakulu anatengedwa kuti akaphunzire ulemu kubwalo la mfumu, kutanthauza kuti makolo awo akhale phee kumapiriko. Anayamba ndi kuima kunja kwa mpanda wofiira wamatabwa, padzuwa, pamodzi ndi aja amaiona mfumu ngati kadontho kutali. Anzake anaphunzira msanga kuba ndi kusyasyalika, ena anapatsidwa zigawo, ena anathamangitsidwa n'kubwerera kwawo kukanenepa. Iye anali ndi chilema chimodzi chokha, kukhulupirika. Pa chifukwa chimenecho anamupatsa ntchito yoyang'anira madzi akumwa a mfumu. Mtsuko uliwonse ankaulawa yekha n'kuudinda ndi mphete yake, ndipo mfumu, imene inkaopa chiphe kuposa Mulungu, inkakana ngakhale kunyowetsa milomo ndi madzi amene Zaman sanakhudze. Tsiku ndi tsiku ankaphwanya chipale chotsika ndi nyulu kuchokera kumapiri a kumpoto. Chipale chinkabwera, iye osapita.

Pabwalo munthu salankhula asanafunsidwe. Pempho lililonse linkadzera kwa Mirza Kubad, mkulu wa mwambo, munthu wa ndodo yagolide amene mimba yake inkayamba kufika iye asanafike.

"Akulu anga, nkhani yanga ija mwaifikitsa?" anafunsa Zaman m'mawa wina.

"Aa, a Magre! Lero? Lero mfumu yadzuka ndi dzino. Mukufuna ndikatchule za manda kwa munthu amene dzino likumubaya?"

Patapita masabata angapo anafunsanso.

"Lero ndiye ayi ndithu. Njovu yake yapambana ndewu, mfumu ikuseka mpaka misozi. Tiiwonongere tsiku?"

"Ndiye ikakwiya ayi, ikasangalala ayi. Tsiku lake ndi liti, akulu?"

"Lilipo, musataye mtima. Koma shawelo munandipatsa ija mayi a kunyumba andilanda. Kwanu kuja amaluka imodzi yokha?"

Mashawelo anapita ambiri, chipale chinatseka njira, chaka chinatha. Zaman anapita kumanda ndi shehe, nkhope ili pansi, n'kupempha nthaka kuti imusungireko chaka china. Manyazi amene anamugwira tsiku limenelo anali oti sanawamvepo ngakhale pamaso pa mfumu.

Kunyumba anapeza mlongo wake wamkulu, Fazi, akusadzula masamba. Fazi anali wamasiye amene anatsika kumapiri kudzasamala mlamu wake akudwala, ndipo nayenso anakodwa mumzindamo. Pakamwa pake sipankasankha nduna kapena wogulitsa makala.

"Mwakauza chiyani nthaka, achimwene?"

"Kuti idikireko."

"Eee. 'Lilipo, musataye mtima.' Mwayamba kulankhula ngati Mirza Kubad. Changotsala ndi mimba."

"Achemwali, mukufuna nditani? Ndithawe, akadule mitu ya ana a malume?"

"Ndani wanena zothawa? Vuto lanu n'loti ntchito mumaigwira bwino mopusa. Lakwitsani kamodzi. Osati kwambiri moti akupheni, pang'ono chabe, anyansidwe nanu n'kukuthamangitsani. Anzanu onse anabwerera kwawo chifukwa cha ulesi, inu mukufera kuno chifukwa cha khama."

Zaman analimbana nawo maganizowo miyezi yambiri, chifukwa munthu amene wakhala wolungama moyo wake wonse sadziwa n'komwe poyambira kulakwa. Tsiku lina kutatentha moti akhwangwala ankayasama pamakoma, analimba mtima. Anapereka kwa mfumu madzi ofunda, opanda chipale ngakhale kachidutswa. Mfumu inamwa n'kungokwinya nkhope. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. Fazi anayamba kumanga katundu.

Kenako sing'anga wamkulu anaimirira pabwalo n'kulengeza kuti chifuwa chimene chinasautsa mfumu nyengo yonse chatha, ndipo amene wachithetsa ndi Zaman Magre, mtumiki wanzeru amene anazindikira yekha kuti madzi ozizira ndiwo ankachikulitsa. Ng'oma zinalira. Anamukweza udindo, anamupatsa kavalo, anamulowetsa m'kati mwa mpanda wasiliva, pafupi ndi mpando wachifumu moti ankamva mfumu ikupuma. Anamuvekanso mkanjo waulemu wokhala ndi ubweya wa nyama m'kati, poti wina anaiuza mfumu kuti anthu a kumapiri amakonda zofunda. Mwambo umati mkanjo wotere uuvale masiku atatu. Anabwerera kunyumba thukuta lili kamukamu, nkhope itafiira ngati wophikidwa. Fazi atamuona anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kusekako kunathera m'kulira. Kenako anamasula katundu uja.

Atapita kumanda kukapempha chaka chachitatu, shehe anamukokera pambali. Anali nkhalamba yosaopa mikanjo ya anthu.

"Mwana wanga, nthaka si kapolo wa pabwalo woti uzingomuuza kuti mawa. Lero ndaima nawe komaliza. Chaka chino chikatha, kaya wamutenga, kaya wamusiya, koma ine sindidzabweranso kudzanamiza nthaka."

Chaka chimenecho Zaman sanasiye khomo limene sanagogodepo. Anapita kwa nduna yaikulu, imene inamuuza kuti nkhani za paani ndi za Mirza Kubad. Anatumiza zipatso kwa azakhali a mfumu, amene anabweza mawu othokoza ndi pempho la zipatso zina. Njira ya m'mapiri inatseguka iye akuphwanya chipale. Miyezi yotentha inadutsa, mvula inagwa n'kusiya. Ndiye m'mawa wina anthu a nyulu, akutsitsa katundu wawo, anangotchula mocheza kuti nsonga za mapiri zayamba kuyera. Zaman anawerenga masiku otsala. Akapanda kunyamuka mwezi womwewo, Mokhta anali wa Agra mpaka tsiku lachiweruzo.

Tsiku limenelo anapereka chikho kwa mfumu monga mwa masiku onse, koma itamwa, iye sanabwerere m'mbuyo. Anangoima pomwepo. Bwalo lonse linamutembenukira. Mirza Kubad anamutuzulira maso. Anthu anadulidwapo lilime pa zinthu zochepa kuposa apa.

Mfumu inamuyang'ana. "Watani, Magre?"

Limenelo linali funso, ndipo wofunsidwa amayankha. Zaman anagwa pansi n'kukhuthula zonse zimene anasunga zaka zitatu. Ananena za bokosi lomata phula, za nthaka imene anainamiza kawiri, za shehe amene watopa naye. "Mbuye wanga, mwini dziko, mkazi ameneyu sanazolowere kuno. Ankagona padenga n'kumalira ndi kutentha. Ankangofuna mthunzi wa chinara, madzi oyenda, ndi mwala wozizira pamutu pake. Ndinamulonjeza. Ndiloleni ndikamusiye, ndidzabwera ndisanapume n'komwe."

Zaman sanali munthu wodziwa kulankhula, koma tsiku limenelo analankhula bwino, ndipo apa m'pamene panagona tsoka lake. Mfumu inali ndi mtima wofewa pa nkhani zachisoni, makamaka zimene sizinkaidyera kanthu. Misozi inatsika m'ndevu zake. Nduna zitaona kuti mfumu ikulira, nazonso zinayamba kufwenthera, ngakhale zija zinaima kutali osamva mawu amodzi. Kenako dzanja lachifumu linatambasukira ku mbale yagolide ya paani n'kutola tsamba limodzi. Zaman anadzutsa mutu. Anayamba kutambasula manja onse awiri.

Mfumu inaponya tsambalo m'kamwa mwake n'kuyamba kutafuna, ikulingalira.

"Ayi," inatero pomaliza. "Mkazi wa mtumiki wokhulupirika chonchi akwere pamsana pa nyulu ngati thumba la mchere? Agwere m'phompho? Anthu adzati chiyani za ine? Iye sapita ku Kashmir. Kashmir ndi amene abwere kwa iye. Mumangireni chiliza cha miyala yoyera pomwe wagonapo, ndi chuma changa. Pakhale munda, ngalande ya madzi oyenda, ndi mitengo ya kwawo. Ndipo Lachinayi lililonse muziika chipale pamutu pake, chotapa pa changa chomwe."

Bwalo lonse linaphulika ndi matamando. Wina anafuula kuti chifundo chotere sichinaonekepo chilengedwere dziko. Zaman anali chigwadire, manja ali chitambasulire, opanda kanthu. Ankafuna kukuwa. Ankafuna kunena kuti chinara sakula m'ng'anjo muno, kuti mayi ake a Mokhta sali m'ngalande, kuti iye sanapemphe miyala. Koma funso linali limodzi, ndipo anali atayankha kale. Mphatso ya mfumu siikanidwa, ndipo chimene mfumu yamanga palibe amene amachifukula.

Ndodo yagolide inamugunda m'nthiti. "Thokozani, inu," ananong'ona Mirza Kubad. "Mukufuna mutiphetse tonse?"

Zaman anaimirira, anagunda pansi ndi kuseri kwa dzanja n'kuliika pamphumi. Anatero katatu, monga mwa mwambo. Potuluka, Mirza Kubad anamugwira paphewa akumwetulira. "Mwaona? Ndinakuuzani kuti tsiku lilipo."

Amisiri sanachedwe, poti zinthu zimene munthu sakuzifuna zimayenda msanga pabwalo. Sabata isanathe ngolo za ng'ombe zinali zitatula miyala kuseri kwa kamzikiti kaja. Zaman anapita kukaona ndi Fazi, amene chimvereni nkhaniyo anali asanamulankhule. Anapeza mkulu wa amisiri atakhoma zikhomo ndi kukoka zingwe mozungulira manda, koma zingwezo zinatenga malo aakulu kumbali imodzi.

"Bwanji mwapatuka chonchi? Manda ali apa," anatero Zaman.

"Ndi malo a anthu awiri, bwana," anayankha mmisiriyo mokondwa, akupukuta manja. "Mfumu yanena yokha kuti inu ndi mayiwa musadzasiyane. Mwayi wake umenewo! Ife tikafa amangotiponya kulikonse. Kodi inu mumakonda kugona mbali iti, kuti tiyeze bwino?"

Zaman anasendera pafupi ndi zingwezo. Anayang'ana kachigawo ka dothi louma kamene zingwe zinamusiyira. Kanali kokwanira ndithu, mmisiriyo anali ndi diso.

"Iwe Zaman," anatero Fazi, ndipo aka kanali koyamba kumutchula dzina chikulireni. Mawu ake analibe chipongwe. "Iuze nthaka. Yadikira mokwanira, ndipo mlamu wanga watopa kukhala ngati mlendo wosamasula katundu. Usamusiye choncho pansi pa miyala."

Zaman anagwada. Dothi linali lotentha mpaka kuwawa m'mawondo. Anatsegula pakamwa, ndipo mawu amene anayamba kubwera anali aja anazolowera, oti undisungireko. Anawameza. Anaika chikhato pansi, pamene ankaganiza kuti pali mutu wa Mokhta.

"Mutenge," anatero. "Ndi wako. Malo enawa ndiwo undisungire."

Kutali, cha kunyumba yachifumu, ng'oma yoitanira nduna kubwalo inayamba kulira. Zaman anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, n'kuuyamba wobwerera mofulumira, chifukwa dzuwa linali litakwera ndipo mfumu inali isanamwe madzi.