Mizere ya Paini ya Feston

Ocheka matabwa anali atatsitsa kale macheka pamene Bessie anafika kumunda wa paini, wefuwefu, nsapato ataziiwala pakhonde. Mwamuna wake Feston anali atagona m'manda masiku asanu okha, koma mkulu wa malemuyo, Zondwayo, anali ataitana kale anthu awiri a ku Chikangawa.

Zondwayo sanazungulire. Anati mng'ono wake sangagone pansi pa mulu wa dothi ngati mlendo, pakufunika chiliza, ndipo mitengoyo ili panthaka ya banja. Bessie, mkazi wa ku Dedza wokwatiwa kwa eni, ankadziwa kuti mawu ake pamudzipo ndi opepuka. Koma mtima unakana kukhazikika. Mitengoyo Feston anaibzala chaka chomwe mwana wawo Tionge anabadwa, mizere inayi, mzere uliwonse wa chaka chimodzi cha ku koleji. Ankati ngongole ya boma ya ophunzira imagwera ena n'kulumpha ena, ndiye kholo lisamadalire mwayi. Anthu ankamuseka kuti wasiya fodya n'kumalima matabwa. Lero Tionge ali Folomu 4, mayeso ali pafupi.

"Alamu, mukadula lero, mwana adzapita ndi chiyani?"

"Sukulu, sukulu," anatero Zondwayo. "Mwana wanga Esme akulekeza Folomu 2, wafa? Chabwino, ya Tionge tiisiye. Mbwenu tiyambe ya kumunsi iyo."

Bessie anachita mantha, poti macheka akalawa mtengo umodzi sabwerera kwawo. Mizere ya kumunsiyo inali yocheperako msinkhu, ndipo Feston sanamuuzepo za iyo. Akafunsidwa ankangoseka, n'kumati ndi yongoonjezera. Bessie anawalondola m'mbuyo, minga ikumubaya kumapazi.

Wocheka wina anayamba kusenga udzu patsinde la mtengo woyamba, chikwanje n'kulira pachitsulo. Anawerama n'kuvundukula kachikhomo kopendekeka, pamwamba pake atakhomerapo kachidutswa ka lata kadzimbiri. Panali zilembo zoboola ndi msomali. Munthuyo anawerenga mokweza, osadziwa kanthu.

"Esme. Chaka choyamba."

Mnzake anasenga pamzere wachiwiri napeza kena, pachitatu kena, pachinayi chimodzimodzi. Dzina linali lomwelo. Bessie anagwira pakamwa. Anakumbukira kuti chaka chomwe Esme anabadwa, Feston ndi Zondwayo sankapatsana ndi moni womwe chifukwa cha mkangano wa ng'ombe.

Ocheka aja anafunsa ngati ayambe. Zondwayo ananjuta, napukuta kachidutswa ka lata kaja ndi mkono wa jekete lake mpaka dzina linaoneka bwino. Kenako anaimika kachikhomo kaja, naponderera dothi ndi chala chachikulu, n'kuyamba kuzula udzu wozungulira tsinde.