Mapu a 1961 a Bambo Ranchhod

Jigna adayala mapuwo pabedi la malemu bambo ake n'kupsinja ngodya zake ndi makapu anayi. Pepalalo lidali litafiira, m'mapindiro lomatamata ndi tinsalu. M'munsi mudalembedwa chaka: 1961.

Lidali tsiku lachitatu chiwotchereni thupi la bambowo, a Ranchhod, omwe adaluka nsalu pafakitale ina ya mumzinda wa Ahmedabad ku India mpaka idatsekedwa mu 1985. Kampani yomwe idagula malowo inkafuna kugwetsa mdadada wonse wa nyumba za antchito. Khothi lidati nyumba idzapulumuka ngati pofika pa 19 Malichi papezeka umboni woti idalipo 1970 isanakwane. Padatsala masiku asanu ndi limodzi.

Pamapupo padali chilichonse: chumuni, shedi yonyikiramo nsalu mu utoto, mpopi, kachisi, ndi timabokosi ta nyumba, kalikonse ndi nambala yake. Jigna adayendetsa chala: 38, 39, 40. Yawo idali 41. Pamalo pake padangodutsa mzere wabuluu wolembedwa kuti ngalande. Adawerenganso katatu.

Mchimwene wake Hasmukh, mutu uli mbee ndi lumo la maliro, adaweramira pepalalo nthawi yaitali. Kenako adanong'ona kuti basi bambo adamanga pangalande yokwiriridwa, ndipo mapuwa akafika kukhothi, nyumba makumi anayi zipulumuka koma yawo igwa tsiku lomwelo. Popanda mapu, loya wa eni nyumbazo akhoza kuukoka mlanduwo zaka.

"Pinda. Palibe waona," adatero Hasmukh.

"Nanga mlandu ukatikanika, achimwene? Si ndiye zigwa zonse?"

"Iwe uli ndi kwa amuna ako. Amayi ukawagoneka kuti? Pampopi?"

Chitseko chidalira. Adali a Manguben a panyumba nambala 12, atanyamula chapati ndi mphodza, poti panyumba ya maliro sipasonkhedwa moto. Hasmukh adaponya bulangete pabedi. Mayiwo adaika mbale pansi, namunena Hasmukh kuti kumetako kwamuululira makutu ngati a mbuzi. Kenako kumwetulira kudatha, nafunsa motsitsa mawu ngati pepala limene malemu adalonjeza lapezeka. Adati kwawo atenga sabata akugona ndi katundu womangamanga.

"Chiswe chidadya, azakhali," adatero Hasmukh.

Jigna adayang'ana pansi.

Mlendo atatuluka, amayi awo a Kanta, omwe chiyambire m'mawa adangokhala pakona atavala nsalu yoyera ya sari, adadzuka. Adachotsa bulangete ndi makapu aja, napukuta manja, natembenuza mapuwo.

Kuseri kudali mayina olembedwa ndi pensulo, m'malembo opendekera a bambo. Nambala 1 mpaka 40, iliyonse ndi mwini wake. Amene adamwalira adali odulidwa ndi mzere, pambali pali dzina la mkazi wamasiye kapena mwana, ndi tsiku. Kusintha komaliza kudali kwa pa 2 Malichi chaka chomwecho. Dzina la Ranchhod padalibe. Pansi penipeni padali dzina la loya ndi mawu akuti: 14 Malichi, 10 koloko.

"Bambo amadziwa?" adafunsa Hasmukh.

"Chiyambire 1974, pomwe ankamanga nyumba ino. Njerwa ndinkawapatsira ndine."

"Ndiye tikakhala kuti, amayi?"

A Kanta adapinda mapuwo pang'onopang'ono, kutsata mapindiro akale, nawaika m'manja mwa Jigna.

"Pa 14 ndi mawa. Bambo ako ankati apita nawo okha kwa loya pabasi. Usachedwe, iwo sankachedwa."