Zenera la Pitanga

Mayi Creuza anazungulira nyumba yonse ya a Valdomiro akugwedeza zenera lililonse, kenako anaima kukhitchini n'kuloza lomwe linayang'ana padenga la aneba.

"Ilinso likufunika ukonde, bambo."

"Ilo ayi," anatero a Valdomiro. "Enawo chitani nawo zomwe mukufuna. Ilo lisiyeni."

Mayiwa ankatola amphaka otayidwa m'misewu ya Belo Horizonte, kuwachiritsa, n'kuwapezera eni atsopano. Lamulo lawo linali lomwe lija la anzawo onse a ntchito imeneyi: mphaka sapita kunyumba yomwe mazenera ake alibe ukonde. Kaya ndiwe dokotala kaya wansembe, analibe nazo. Sanalinso munthu womunyengerera ndi khofi ndi timabanzi ta tchizi, ngakhale anadya titatu.

A Valdomiro anayendetsa basi zaka makumi atatu akunena kuti amphaka ndi nyama zodzimva. Mphaka wawo woyamba, wakuda, anamutenga chifukwa cha makoswe basi, ndipo ankangopatsana ulemu mpaka mphakayo anafa ndi ukalamba. Kenako kunabwera Pitanga, yemwe anamutola pansi pa basi kudepoti. Anali wa mtundu wa Siyamu: thupi ngati khofi wochuluka mkaka, nkhope ndi makutu zakuda, maso abuluu. Koma kulongolola kwake! Ankayankha chilichonse, ankawakalipira akachedwa kumsika, ankawatsata mpaka kubafa. Bambowa, amene mkazi wawo anamwalira kalekale, anapezanso wokangana naye m'mawa, ndipo anamukonda mopanda manyazi.

Lamulungu lina masana timu ya mpira ya mumzindamo inatenga chikho, makombola anaphulika dera lonse, Pitanga n'kudumphira pazenera la kukhitchini, osaonekanso. Tsopano panali patapita chaka ndi miyezi inayi. Zeneralo linali lisanatsekedwepo, kaya kugwe mvula kaya kuzizire.

Ndiye Loweruka lapitalo, pabwalo pomwe Mayi Creuza ankaonetsera amphaka awo, kamphaka kena ka mtundu womwewo, kowonda, koduka nsonga ya mchira, kanawakalipira a Valdomiro ndi mawu osasa ngati a Pitanga. Anaima pomwepo n'kupempha kuti kakhale kawo.

"Nanga Pitanga akabwera alowera pati?" anafunsa a Valdomiro, maso ali pazenera.

"Bambo, chaka chatha ndi miyezi pamwamba. Mukufuna ndikupatseni mwana wanga kuti nayenso atulukire pomwepo? Mukundiyesa wopenga?"

"Njira amaidziwa ameneuja. Ndi makani chabe."

"Amakani ndinu," anatero Mayi Creuza, koma mawu awo anafewa. "Ndibwera Lachisanu. Ndikapeza lili chomwechi, kamphakako kapita kwa banja lina la ku Contagem. Iwo aika ukonde mpaka kuchimbudzi."

A Valdomiro ankadziwa kuti mayiwo akunena zoona, ndipo n'zimene zinkawapweteka. Kuika ukonde pamenepo kunali kumuuza Pitanga kuti asabwerenso. Ankamuona m'maganizo akutsika padenga, wowonda, wafumbi, n'kupeza pakhomo pake patsekedwa, mkati muli wina akudyera m'mbale yake. Komatu nyumbayo inali zii. Lachiwiri anadzipeza akukangana ndi wailesi, n'kumadikira yankho. Ankamusowa Pitanga, inde, koma ankasowanso kukhala ndi wowayankha.

Lachinayi m'mawa anaitana Givanildo, mmisiri wa maukonde. Iyeyu anaboola makoma, kupachika tingowe, kukoka ukonde pabalaza, kuchipinda, kubafa, akuimba mluzu. Dzuwa lili paliwombo anafika kukhitchini.

"Latsala ili, madala."

"Simungandisiyireko kampata pakona apa? Kakang'ono, kongokwana dzanja."

Givanildo anaseka. "Madala, mukuwadziwa mayi aja? Amakoka ngodya iliyonse ndi chala. Akapeza kampata, ine ntchito yanga yathera pompo. Komanso pomwe alowere wanuyo, watsopanoyu atulukira pomwepo."

Ataona nkhope yawo anasiya kuseka, n'kutsitsa makina ake obowolera.

"Tadikirani kaye," anatero a Valdomiro.

Anatulutsa thupi pazenerapo mpaka m'chiuno. Madenga ofiira anali mbuu ndi dzuwa, matanki a madzi, zovala za anthu pazingwe.

"Pitanga," anaitana. Kenako mokweza, osasamala za aneba: "Pitanga iwe, tabwera. Tikutseka kuno."

Nkhunda ziwiri zinauluka. Kumsewu wakumunsi basi inasintha giya, ikukwera chitunda. Anadikirabe, ndipo Givanildo sanawafulumizitse.

Anabweza mutu, anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi malaya.

"Mangani," anatero.

Anapita kukaima pabalaza atafulatira khitchini, ndipo sanatembenuke mpaka makina aja atasiya kulira.