Makwerero a Karsono

Ngatinem ankapinda mikeka imene anthu anakhalapo pa mapemphero a maliro a mwamuna wake, Karsono, pamene mwana wawo Wahyudi anayambitsanso nkhani yogulitsa munda wa kanjedza. Mwanayo anali atabwera kuchokera ku Johor, kunja kwa dziko, ndi kachikwama kamodzi, ndipo tikiti yobwerera inkamuyabwa m'thumba.

Anati a ku Ulaya akukangana ndi boma, akukana mafuta a kanjedza ati alimi akumaliza nkhalango, n'chifukwa chake fakitale ikugula zipatso monyinyirika. Kampani yoyandikana nawo inali yokonzeka kutenga mundawo.

"Kodi a ku Ulayawo anawaonapo bambo ako akudula nkhalango?" anafunsa Ngatinem.

"Amayi, iwowo sakudziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli inu. Tiyeni tizipita limodzi. Muno mutsala ndi yani, akadzidzi?"

Mawuwo anamulasa mtima chifukwa anali oona. Karsono anakhoma kabokosi pamwamba pa mlongoti pakati pa munda, kuti akadzidzi azigonamo n'kumadya makoswe oononga zipatso. Ngatinem ankadana nazo mbalamezo. Iye akati zimaitana imfa, mwamunayo ankangoseka, amvekere ndi antchito okhawo osapempha malipiro. Tsopano imfa inali itabweradi, ndipo m'nyumba munalibenso womuseka.

M'mawa mwake anapita yekha kukatsanzika mundawo. Pansi pa mlongoti panali timafupa ta makoswe mbwee. Makwerero amene Karsono ankakwerera pokasesa m'bokosimo anali chitsamire pomwepo, koma ankaoneka achilendo. Pakati pa mitanda yakale yopondapo, yotalikirana molingana ndi miyendo yaitali ya mwini wake, panali patakhomedwa ina yatsopano, misomali yake isanachite n'dzimbiri lomwe.

Ngatinem anaima nji. Karsono miyezi yonseyi ankatsokomola n'kumati ndi fumbi chabe, chikhalirecho akudziwa kuti akufa. Sanamuuze kanthu mkazi wake wamfupiyo, anangomuyeza miyendo ndi maso, n'kumukhomera mitanda yoti adzathe kukwera.

"Abodza inu," anatero motsitsa, misozi ili chuchuchu.

Wahyudi, amene anamulondola, anamupeza akumanga nsalu m'chiuno. Anayamba kunena za kampani ija, koma mayiyo anamuuza kuti akawayankhe kuti munda uli ndi mwini wake.

"Gwira apa, asagwedezeke," anatero Ngatinem, akuloza makwererowo.

Anakweza mwendo, ndipo mtanda woyamba unali pomwe phazi lake linafikira.