Tsiku Limene Ndinakana Mwana wa Mchimwene Wanga

Mwana wa mchimwene wanga amakhoma madenga. Timamutcha Buluzi chifukwa anayamba kukwera zipupa asanadziwe kuvala kabudula, ndipo mpaka lero, imvi zili mbuu m'ndevu, akamayenda pansi amaoneka ngati wasochera. Chuma chake ndi makwerero awiri, pepala la inshuwalansi lomwe amalisunga m'pulasitiki ngati mtchatho wa ukwati, ndi pikapu imodzi yotsokomola. Malata, matabwa, antchito, zonse zimayendera m'pikapumo. Ikangogona tsiku limodzi kugalaja, ana ake amayamba kuonda.

Denga langa linadontha zaka zitatu. Mabeseni anga anayi anali ndi malo awoawo m'nyumba, aliyense akudziwa pokhala ngati ana a sukulu. Buluzi ankakhoma madenga a anthu omwe sanamupukutepo mamina ngakhale kamodzi, la azakhali ake ayi. Ndiye m'mawa wina ndinangomva gu! gu! pamwamba. Wabwera, osauza munthu.

Pofika masana anali atazula malata a kutsogolo konse, pamwamba pa chipinda changa chogona ndi chipinda chomwe ndimachititsa lendi kwa aTelala, mayi wosoka mayunifomu a sukulu. Apo n'kupeza kuti matabwa ena chiswe chinadya kalekale. Anati akagule ena. Anafunditsa dengalo tenti yaikulu yabuluu, n'kumanga makona ake ndi zingwe. Zingwe zake zinakwana makona atatu. Kona yachinayi anamangira chingwe changa choyanikapo zovala, n'kuliza pikapu, ulendo.

Ine ndinali nditachapa. Zofunda ziwiri, madiresi, nsalu za patebulo, zonse zili m'beseni zikundiyang'ana. Ndikutuluka, chingwe changa chakwera kumwamba. Ndinayang'ana thambo: mbee, popanda ndi kamtambo komwe. Ndinati, chitenti chonsechi, makona atatu omanga, kona imodzi ingadandaule chiyani? Ndinamasula, ndinayanika, n'kupita kwa anzanga a nyumba yachitatu kukamva za mwana wawo amene wathawa banja.

Mphepo inayamba nkhani itafika pokoma. Mvula inatsatira ngati inachita kuitanidwa pafoni. Pomwe ndimafika kunyumba, tenti inali itadzivundukula ngati munthu wotaya bulangete usiku wotentha. Siling'i ya m'chipinda changa ndi cha aTelala inali pansi, itafewa ngati buledi wa mu tiyi. Mipukutu ya nsalu inali itasambitsana utoto, yoyera yasanduka yabuluu, yabuluu yasanduka mtundu wopanda dzina. Mashini awo awiri amagetsi anali atamwa madzi mpaka kukhuta. Matiresi anga nawo ankalemera ngati ng'ombe yakufa. ATelala eni ake anali atapita kukagula ulusi.

Ndinaanula zovala msangamsanga, chingwe ndinachikulunga n'kuchiponya pansi pa bedi. Musandifunse chifukwa. Manja anga ndi achangu kuposa mutu.

Buluzi atabwera anagwira m'chiuno n'kumayang'ana kona ija. "Mphepo imeneyi inali ndi mano," anatero. "Yadula chingwe mpaka osasiya ndi kachidutswa komwe."

"Mphepo za masiku ano," ndinatero ine.

Kenako aTelala anafika. Sanalire. Bola akanalira.

"Pepani ndithu, mayi," Buluzi anayamba.

"Pepani sasoka yunifomu, bambo. Nsaluzi ndi za sukulu, mashiniwa ndi anga. Mulipira zonse. Ngati mulibe, pikapuyo ili ndi matayala, ikhoza kupita kwa mwini wina."

Buluzi anatulutsa pepala lake la inshuwalansi lija. Anati asade nkhawa, ndi chifukwa chake amadula inshuwalansi chaka ndi chaka. Anaimba foni, anamuuza kuti Lachinayi kubwera munthu kudzaona. Koma madzulo, atakhala pakhonde n'kumawerenga tizilembo ting'onoting'ono ta kumbuyo kwa pepalalo, ndinaona nkhope yake ikutsika pang'onopang'ono ngati tayala lobooka.

"Azakhali, apa alemba kuti salipira katundu wa achibale a mwini pepala. Nyumbayi ndi yanu. Akadziwa kuti ndinu azakhali anga, akana zonse, ndi za aTelala zomwe. Pikapu yapita."

"Ndiye ukuti ndisiye kukhala mlongo wa bambo ako?"

"Ola limodzi lokha."

Ndikanakana. Koma munthu amene wabisa chingwe pansi pa bedi sakhala ndi mawu ambiri. Ndiponso, kunena zoona, nkhaniyo inandikomera. Zaka zonsezi ndinali ndisanakhalepo kasitomala wa Buluzi, ndipo ndimaona mmene amawagwadira makasitomala.

Lachitatu lonse tinali pasukulu yophunzira bodza lathu. Ndinachotsa pakhoma chithunzi cha ukwati wake ndi cha malemu bambo ake. Ndinamuletsa kutsegula kabati yanga kufuna shuga, kukhala pampando wa bambo ake, ndi kuvula nsapato pakhomo ngati pakwawo. Ndinati azinditcha mayi a nyumba. Anayesa kasanu, kanayi konse pakamwa panatuluka "aza..." n'kudziluma lilime.

"Iwe Buluzi, mutu wakowu ndi woyendetsera chipewa basi?"

"Inunso musanditche Buluzi!"

"Nanga dzina lako lenileni ndani? Ndinaliiwala."

ATelala anatimvera ali pakhomo pawo, manja atapinda. "Ine m'bodza lanulo mulibemo. Akandifunsa za nsalu ndiyankha za nsalu."

Lachinayi kunabwera mayi wa inshuwalansi, wamfupi, wa magalasi, atavala nsapato zafulati za munthu wodziwa kuti ayenda m'matope. Anajambula siling'i, anajambula mashini, ananunkhiza nsalu, analemba. Kenako anakhala pabalaza n'kutsegula buku lake.

"Amayi, mmisiriyu munamudziwa bwanji?"

"Uyu? Ndinangowerenga nambala pachitseko cha galimoto," ndinatero, ngakhale ine kuwerenga kwanga ndi kwa zilembo zikuluzikulu zokha. "Ndikanadziwa sindikanaimba. Taonani nkhope yakeyo. Munthu wa nkhope yotere mungamupatse denga?"

Buluzi anayang'ana pansi.

"Anafika nthawi yanji?"

"Mochedwa ndi zaka zitatu."

Mayiyo anakweza maso. Buluzi anatsokomola.

"Ndikutanthauza kuti ndinamudikira mpaka ndinaona ngati zaka," ndinakonza. Ndipo poona kuti ndapulumuka, pakamwa panatsekuka ngati mpopi wothyoka. Ndinati ndi waulesi. Ndinati amadya ngati anthu atatu. Ndinati kaya anamulera ndani, koma amene anamulerayo anayesetsa, vuto ndi mbewu. Zinkandikomera bwanji! Iye ali chilili pafupi ndi chitseko, chipewa m'manja, akungoti, "Zoona, mayi a nyumba. Pepani, mayi a nyumba." Ndinaona kuti mwayi wotere subwera kawiri.

"Munthu wanzeru angazule malata," ndinapitiriza, "n'kusiya nyumba ya mayi wamasiye ili yasa, pamtunda, yopanda chofunda, iye n'kumakayenda m'tauni?"

Cholembera chija chinaima.

"Mwati anasiya denga losafunditsa?"

"Lamaliseche!" ndinatero, ndikumenya patebulo.

Mayiyo anatembenuza pepala la Buluzi n'kuloza ndi chala. "Bambo, ndime iyi mukuidziwa. Mmisiri akachoka pamalo denga lili lotsegula, osalifunditsa tenti n'kuimanga, madzi akalowa kampani silipira kanthu."

"Ndinafunditsa, mayi! Ndinamanga makona onse anayi!"

"Munajambula?"

"Ndinali pachangu."

"Eni nyumba akuti simunafunditse. Ndipo iwo alibe chifukwa chokunamizirani, si abale anu, si adani anu." Anayamba kulemba, ndipo kalembedwe kake kanali ka munthu amene akutseka nkhani.

ATelala anasuzumira pawindo n'kufunsa kuti pikapuyo ndi ya chaka chanji.

Ndinayang'ana Buluzi. Sanandikwiyire ayi, bola akanakwiya. Ankangoyang'ana makiyi omwe anali m'dzanja lake, akuwatembenuza. Ndinatukwana chamumtima. Ndinadzuka, mawondo akulira, ndinalowa kuchipinda, ndinagwada, n'kukokera chingwe chija kunja ndi tsache. Ndinachiponya patebulo, pamwamba pa buku la mayiyo.

"Anafunditsa. Anamanga. Kona inayo anamangira ichi, ndipo ichi ndi changa. Ndinamasula ndine, ndimafuna kuyanika."

"Azakhali!" Buluzi anakuwa mpaka galu wa aneba anayankha. "Munali inu? Masiku atatu ndakhala ndikutukwana mphepo!"

"Nanga iwe unandipempha? Chingwe cha mwini ungotenga ngati unagula ndiwe?"

"Mukanandiimbira foni!"

"Ndi mayunitsi a bambo ako?"

Tinakokanakokana choncho, mpaka tonse awiri tinakumbukira nthawi imodzi kuti m'nyumbamo muli mlendo. Amati mutu umodzi susenza denga. Ife mitu iwiri inaligwetsa.

Mayi wa inshuwalansi anavula magalasi n'kutikita maso kwa nthawi yaitali. "Azakhali," anatero, akulawa liwulo. "A kuchimuna?"

"Mlongo wa bambo ake," ndinavomera. "Sindinasankhe."

"Ndinaona kale. Mphuno zanuzi ndi za fakitale imodzi." Anatuluka panja, ife pambuyo ngati nkhuku. Anauza Buluzi aimike makwerero, anakwera yekha, anaona zingwe zitatu zidakali zomangika pamakona a tenti, anajambula. Anatenga chingwe changa n'kuchiyerekeza ndi kona yachinayi, pomwe pankaonekabe chizindikiro cha mfundo. Atatsika anang'amba tsamba lomwe analemba lija.

"Tiyambirenso, ndipo ulendo uno aliyense akhale amene ali. Bodza lanuli likanafika kuofesi, pepala lonseli likanafa, bambo, ndipo palibe kampani ikanakulandiraninso. Mukanangofunsa. Ndime ya achibale ikunena za katundu wa achibalewo basi. Mayi osokawa ndi abale anu?"

"Mulungu asalole," anatero aTelala.

"Ndiye nsalu ndi mashini zili mkati. Denga munafunditsa, ndaona ndi maso. Koma kumangira tenti chingwe choyanikapo zovala, osauza mwini wake, tsiku loti wachapa, kumeneko ndi kulakwa kwa mmisiri. Ndipo kulakwa kwa mmisiri ndi kumene pepalali limalipira."

"Ndiye kuti akanakhala wanzeru simukanalipira?" ndinafunsa.

"Tikanakambirana nthawi yaitali."

"Wamva, Buluzi? Uchitsiru wako wakupulumutsa. Usausiye." Kenako ndinakumbukira zanga. "Nanga siling'i yanga? Matiresi anga?"

"Zimenezo ndi za azakhali."

"Koma m'mawa uja sindinali azakhali!"

"Panopa ndinu."

Ndinamuuza kuti kampani yawoyo ilibe ulemu, ikulipira mlendo n'kusiya munthu amene anachapa matewera a mwini pepala. Anati akanena kuofesi. Anamwa tiyi wanga makapu awiri n'kumapita.

Zinatenga milungu isanu, mafomu atatu ndi siginecha yanga yomwe anaibweza kawiri ati sikufanana ndi inzake. Ifanana bwanji, dzanja lake ndi lomwelo koma masiku ndi osiyana? Pamapeto pake aTelala analandira zawo, anagula mashini atsopano olira ngati ndege, ndipo tsopano amandipatsa moni wa m'mphuno. Pikapu inatsala m'manja mwa mwini wake. Inshuwalansi ya chaka chamawa akuti ikwera, ndipo Buluzi amandiuza zimenezi nthawi iliyonse akandiona, ngati ndine ndimakhala kuofesiko.

Ine milungu yonseyo ndinagona pamphasa, ndikuyang'ana malata atsopano opanda siling'i, mvula ikagwa phokoso ngati akundiponyera miyala. Dzulo m'mawa ndinamva kutsokomola kwa pikapu pageti. Kumbuyo kunali mabolodi a siling'i ndi matiresi atsopano akadali m'pulasitiki, zogula ndi thumba lake. Ndinatuluka kuti ndimuthandize kutsitsa.

"Ayi, azakhali." Anatenga mpando, anauika pakati pa bwalo, kutali ndi khoma, kutali ndi makwerero, n'kundikhazika. "Khalani apa. Manja pamiyendo. Chilichonse chimene mungaone, musachikhudze."

"Ndikafuna madzi?"

"Muitane."

Ndinaitana kasanu ndi kawiri asanakhome bolodi loyamba.