Zala Zosalala za Nicanor

Mayi wa pamakina otengera zidindo za zala anagwira chala chachikulu cha Nicanor Bustillo, nachigubuduza pagalasi kachitatu. Makina analira, kanyale kofiira kanayaka.

"Musalimbitse dzanja, bambo," anatero mayiyo m'Chisipanishi chothyokathyoka. "Lisiyeni lilefuke. Ndiligwira ndine."

Anayesa chala chachiwiri, kenaka chachitatu. Atatopa anatembenuza dzanjalo, nalibweretsa pafupi ndi maso ake.

"Zala zimenezi mumatani nazo? Zangoti see ngati mbale."

"Ndimamanga."

"Abwana anu magolovesi sagula?"

Mayiyo anamupopera madzi m'manja, anamupaka mafuta, anamupukuta chala chimodzichimodzi ngati mwana wakhanda. Kumbuyo, pamipando, anthu ogwira manambala awo ankaonerera. Mnyamata wina anaseka chapansipansi, mkazi wake namugunda ndi chigongono.

"Kano n'kachiwiri, eti?" anatero mayiyo. "Nditumiza momwemo. Akakana, kalata ikupezani."

Nicanor anali ndi mlandu kukhoti la olowa m'dziko ku Memphis, mzinda wa ku America. Anachoka ku Honduras zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, ndipo zaka zonsezo anakhala wopanda mapepala mpaka tsiku limene oona za olowa m'dziko anamugwira pamodzi ndi anzake asanu pamalo a ntchito. Woweruza anamulola kupempha kuti asabwezedwe kwawo, chifukwa cha mwana wake Nohemí, wazaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wobadwira konkuno, wodwala khunyu, amene mayi ake anamwalira. Koma woweruzayo ananenetsa zinthu ziwiri. Ndalama ya fomu ilipidwe, ndipo zidindo za zala zitengedwe ndi kufufuzidwa tsiku la mlandu lisanafike. Kupanda kutero, pempho lidzatayidwa ngati kuti mwini wake walisiya yekha.

Ndalama inalipidwa. Inali yoposa imene Nicanor akanaipeza payekha, choncho anasonkha ndi a kutchalitchi, kumene iye ankatsegula chitseko Lamlungu lililonse ndi kuyala mipando. Azimayi anagulitsa chakudya pakhomo la tchalitchi masabata atatu. Pomupatsa envulopu, abusa anati, "Munthu ngati inu, m'bale Nicanor, ngakhale boma lifufuze ndi nyali silingapeze kachitsotso."

Zala ndiye zinali zisanatheke.

Nohemí ankamudikira panja, pabenchi, chifukwa operekeza sankaloledwa kulowa.

"Zatheka, Ababa?"

"Akuti kalata."

"Aa, kachiwirinso? Ndinakuuzani kuti mupume ntchito sabata ino. Mafuta aja mumadzola, kapena mukusungira Khirisimasi?"

"Ndimadzola."

Anali kunama. Botolo linali m'thumba la jekete, losatsegula.

Bodza loyamba linanenedwa miyezi inayi mmbuyomo, muofesi ya loya wake, Mayi Whitlock. Loyayo sankadziwa Chisipanishi, Nicanor Chingerezi chake chinali cha pantchito basi, ndiye womasulira anali Nohemí. Mafunso onse a pafomu ankatulukira pakamwa pa mwana wake. Munalowa liti? Munakhala kuti? Msonkho mumakhoma? Kenaka linabwera limodzi.

"Akufunsa ngati munamangidwapo ndi apolisi pa chifukwa china chilichonse," anatero Nohemí, ndipo anaseka asanamalize n'komwe. "Inuyo? Munthu woti ngakhale khofi mumamwa wosungunula?"

Nicanor anayang'ana nkhope imene inali kuseka ija, nati, "Ayi."

Zoona zake ankazidziwa munthu mmodzi yekha, Cipriano Maradiaga, mnzake womanga naye. Zaka zitatu zapitazo, patangotha milungu isanu mkazi wa Nicanor, Otilia, ataikidwa, Nicanor anagula botolo la kachasu koyamba m'moyo wake, napita nalo kumanda masana. Mlonda potseka geti anamupeza ali gone pamtumbira, atadzikodzera. Apolisi anamutenga, anamudinda zala, anagona m'chitolokosi. Kutacha anamutulutsa ndi Cipriano, ndipo ndi Cipriano yemweyo amene anali ataimbira Nohemí kuti bambo ake agonera ku ntchito ya kutali.

Kalata yoitanira kukadinda zala itafika koyamba, Nicanor anaisonyeza Cipriano.

"Zikangolowa m'makina, usiku uja utuluka," anatero Cipriano. "Koma musade nkhawa, madala. Msuweni wanga ku Texas anachita zophweka. Vulani magolovesi, simenti muzigwira ndi manja. Madzulo muzikhula zala pabuloko. Makina sangawerenge chimene palibe."

Nicanor anachitadi zimenezo. Simenti inamudya khungu, nsonga za zala zinang'ambika, zinapola, zinasalala. Ankalephera kumanga mabatani a malaya. Kutchalitchi anayamba kupereka moni ndi mutu.

Kalata imene mayi wa pamakina uja ananena inafika patatha masiku khumi ndi awiri. Nohemí anaiwerenga ali chiimire pakhomo, chikwama chili paphewa.

"Akuti zala zakanika kawiri. Tsopano akufuna makalata a kupolisi, ochokera kulikonse kumene mwakhala zaka zisanu zapitazi, onena kuti mulibe mlandu." Anapumira m'mwamba. "Bola zimenezi. N'zophweka. Takhala pompano nthawi yonseyi, ndiye ofesi ndi imodzi. Tipita Lolemba."

"Lolemba kuli ntchito."

"Lachiwiri."

"Kuli ntchito."

"Ababa, kwatsala milungu isanu."

Nicanor anatuluka, nakakhala pamasitepe.

Sabata inatha. Mayi Whitlock anaimba kawiri, iye osayankha. Lachinayi masana, iye ndi Cipriano atakhala pamulu wa njerwa akudya nyemba ndi mazira zokulunga m'chapati cha kwawo, Nicanor anatulutsa kalatayo. Cipriano anaiwerenga milomo ikuyenda, kenaka anakanda m'mutu.

"Izi msuweni wanga sanandiuze."

"Ali kuti msuweniyo?"

"Ali kumudzi. Akuweta nkhuku." Cipriano anatafuna pang'ono. "Koma anamubweza pa nkhani ina, osati ya zala."

Nicanor anamuyang'ana.

"Musandiyang'ane choncho, madala. Ine ndinangonena, okhula munali inu. Ndipotu mlandu wake ndi wotani? Ine ndagonamo kanayi m'chitolokosi chimenecho, mpaka ndikudziwa pamene pamadontha. Inu kamodzi kokha, mwalirira mkazi wanu, basi mukuyenda ngati munapha munthu."

"Mwana sakudziwa."

"Ndiye mukufuna adziwire pabwalo la ndege? Mankhwala ake azimukumbutsa ndani, ineyo? Ine tsiku lobadwa la mkazi wanga ndimakumbutsidwa ndi apongozi."

Nicanor anapinda kalata, naibweza m'thumba. Zala zinalephera kutseka zipi, ndipo Cipriano anayang'ana kumbali.

Lachisanu Nohemí sanapite kuntchito kwake kochapa zovala. Anaima pakhomo atavala kale nsapato.

"Loya akuti tifike lero folo koloko. Akuti mukapanda kubwera, alembera khoti kuti akusiyani. Mukapanda kupita inu, ndipita ndekha ndikamve chimene ndawalakwira."

Anakwera basi.

Ofesi ya Mayi Whitlock inali pamwamba pa sitolo ya matayala, chipinda chimodzi chodzaza mafayilo mpaka pawindo. Anali mayi wamfupi wa imvi, wolankhula mofulumira. Sanawapatse n'komwe moni wautali. Anati aone manja. Nicanor anawaika patebulo. Loyayo anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka analankhula, Nohemí namasulira.

"Akuti akhala akuthandiza amisiri omanga kwa zaka zambiri. Akuti amadziwa zala zotha ndi ntchito. Akuti..." Nohemí anaima, nafunsanso loyayo, nabwerera kwa bambo ake mawu atatsika. "Akuti zala zotha ndi ntchito sizisalala zonse khumi mofanana."

M'chipindamo munangomveka phokoso la makina opopera matayala pansi.

Mayi Whitlock anayang'ana bambo, anayang'ana mwana, ndipo anaoneka ngati wazindikira kulakwa kwake komwe. Anakoka foni ya patebulo, naimba nambala, ndipo patapita kanthawi munatuluka mawu a mwamuna wachilendo wolankhula Chisipanishi chosalala.

"Bambo Bustillo, ine ndine womasulira wolipidwa. Sindikukudziwani, ndipo sindidzakuonani. A loya akupepesa kuti sanachite izi tsiku loyamba. Akuti mwana wanu atha kudikira pakhonde, kenaka akufunsaninso mafunso onse a pafomu."

Nohemí anatola chikwama chake. Nkhope yake inali itafiira. Anafika mpaka pachitseko.

"Akhale," anatero Nicanor.

"Pepani, bambo, sindinamve," anatero mawu a pafoni.

"Mwanayu akhale. Amene ndinamunamiza ndi iyeyu."

Nohemí anabwerera, koma sanakhale pampando wake wa pambali pa bambo ake. Anaima chotsamira khoma.

Nicanor ananena zonse akuyang'ana manja ake. Ananena za botolo, za mlonda, za buluku lonyowa. Ananena za apolisi awiri amene anamunyamula m'khwapa, ndi za chindapusa chimene analipira sabata yotsatira. Ananenanso za magolovesi ndi buloko. Sanatchule dzina la Cipriano. Mawu ake anali ochepa, ndipo womasulira ankawabwereza m'Chingerezi mosasintha liwu, motero Nohemí anaimva nkhaniyo kawiri.

Loya analemba, nafunsa tsiku, nafunsa ngati linali limodzi lokhalo. Kenaka anavula magalasi.

"Akuti usiku wa kumandawo paokha sukanakuchotsani m'dziko muno," anatero womasulira. "Woweruza akanafunsa, mukanayankha, nkhani ikanapitirira. Chimene chili choopsa ndi 'ayi' amene munasaina, ndiponso zalazi. Loya wa boma akazidziwa payekha, anena kuti ndinu munthu wobisa zinthu. Akuti akonza fomu lero, inu musaina, ndipo mukatenge kalata ya kupolisi mmene ilili. Apemphanso tsiku lina lodindira zala. Kuyambira mawa musagwire simenti. Akuti sakulonjeza kanthu."

"A kutchalitchi," anatero Nicanor. "Makalata ondichitira umboni. Abusa analemba kuti sindinamwepo."

"Akuti kalata imeneyo singapite kukhoti mmene ilili. Abusa alembe ina. Amene akawauze ndinu."

Nicanor anagwedeza mutu movomera. Loya anamusunthira fomu. Cholembera chinaterereka m'zala kawiri, kachitatu anachigwira ndi nkhonya, nasaina.

Potsika masitepe Nohemí anali patsogolo. Pamalo okwerera basi panalibe munthu. Dzuwa linali likadali pamwamba pa denga la sitolo. Anaima motalikirana.

"Tsiku lija a Cipriano anaimba kuti mwagonera kuntchito," anatero Nohemí, akuyang'ana msewu.

"Eya."

"Ndinagwa tsiku limenelo. Kukhitchini. Ndinadzuka ndekha, lilime litang'ambika, mpunga utapsereratu pa sitovu. Ndinakolopa, ndinataya mphika, ndinatsegula mawindo kuti fungo lituluke musanabwere."

Nicanor anatembenuka.

"Sunandiuze."

"Ndinkati mukadziwa musiya kupita ntchito zakutali, ndiye tidya chiyani. Ndinkati bambo anga akuvutikira ine uko." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Zaka zitatu ndakhala ndikudzimvera chisoni kuti ndinakubisirani."

Nicanor anaweramitsa mutu. Anayang'ana nsapato zake zotuwa ndi fumbi la simenti.

"Loya anandifunsa kale ngati ndinagwapo ndili ndekha," anatero Nohemí. "Inu munali pompo. Ndinati ayi. Lolemba tikachoka kupolisi tidzera pano, ndidzakonze nanenso."

"Iwe sunalakwe."

"Ndinasaina."

Basi inatulukira pakona. Nohemí anakwera, nakhala cha pakati, pawindo. Nicanor analipira, nayenda mpaka pamzere umenewo, naima atagwira chitsulo ngakhale mipando yambiri inali yopanda anthu. Basi inanyamuka. Inadutsa maloboti awiri iye adakali chiimire.

"Khalani pansi, Ababa," anatero Nohemí, osamuyang'ana. "Anthu aziona ngati takangana."

Nicanor anakhala.